Manda a Makalata

Kuseri kwa ofesi ya kampani ina yonyamula katundu kunali kachipinda kopanda zenera, kozizira ngati mosungira mitembo. M'menemo munkang'ung'udza seva, makina olandira ndi kutumiza maimelo a kampaniyo. Woyang'anira wake anzake ankamutcha Mlonda.

Mlonda ankadana ndi maimelo achinyengo, aja olonjeza chuma cha akufa. Choncho iye ndi anzake a m'makampani ena adapanga mndandanda umodzi wa maadiresi oletsedwa, nautcha Manda. Lamulo adalemba yekha: kompyuta imodzi ikatumiza zachinyengo, onse ogwiritsa seva imeneyo akwiriridwe. Wodandaula atumize imelo.

"Achimwene, wokwiriridwayo imelo yake ifika bwanji?" adafunsa Chemwali, mnzake wa pa desiki. "Bwanji osasefa kalata iliyonse payokha, ngati mpunga?"

"Wamvapo wakufa akudandaula?" adayankha Mlonda akuseka. "Taona bata lake."

Tsiku lina kudabwera mayi wosoka mayunifolomu a kampaniyo. Maimelo ake onse ankangobwerera, oda ya mayunifolomuyo adapatsidwa wina, ndipo osoka ake adali atakhala manja lende.

"Bambo, ine sindidatumize chachinyengo chilichonse," adatero mayiyo atagwira chitseko.

"Wa pa seva yanu wina adatumiza. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Lembani imelo, mayi."

Mayiyo adamuyang'ana nthawi yaitali osaphethira, kenaka adatembenuka. Ngakhale mapazi ake sadamveke.

Mwezi usanathe, bwana wamkulu adatsegula imelo yomulonjeza mphoto. Kompyuta yake idalowa kachilombo, niyamba kulavula zachinyengo usana wonse. Manda adayasama, nameza seva ya kampaniyo.

Poyamba palibe adazindikira. Makalata ankatuluka, koma osayankhidwa. Ofesi idangoti zii. Ogwira ntchito ankayenda monyang'ama, akunong'onezana ngati pa maliro osadziwika mwini. Makasitomala adaganiza kuti kampani yatsekedwa, nayamba kupita kwina. Bwana adauza Mlonda kuti akapanda kukonza, aone msewu.

Mlonda adadzitsekera m'kachipinda kake n'kulemba imelo ya dandaulo. Asanachotse chala, idabwerera ndi mawu awa: "Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola." Adali mawu ake omwe, amene adawaika m'makina kalekale. Adalembanso. Idabwereranso.

Adaimbira mnzake wa ku kampani ina.

"Aise, ndi ine. Tandifukulani."

"Pafoni sitikhululuka, udatilumbiritsa wekha," adatero mnzakeyo. "Komanso mndandandawu adaukopera anthu amene sitiwadziwa n'komwe. Ndikufukule manda angati? Lemba imelo."

Foni idaduka. Timagetsi ta seva tidapitiriza kuphethira, tobiriwira, ngati maso a chinthu chokhuta.

Kalata yomuchotsa ntchito bwana adabwera nayo pamanja. "Iyi yokha ndafuna ifike," adatero.

Chemwali adamuthandiza kunyamula katoni mpaka pageti. Patsidya pa msewu, pakhonde la sitolo yotsekedwa, padali mayi uja ndi makina amodzi otsala, akusoka zigamba. Adadzutsa mutu, namuyang'ana monga tsiku lija. Mlonda adafuna kupepesa, koma adangosenza katoni yake n'kumapita.

Akulu adanena: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.