Elizabeti wa Manja Opanda Mwana

Kalekale, tchalitchi chathu chikadali cha udzu, m'mudzi mwathu muno munali mkamwini wina dzina lake Gerevasio. Tcherani khutu, makamaka inu amayi amene mwayamba kale kusuzumira pamimba pa mtsikana wathu wangokwatiwa kumeneyu, chikhalirecho mpunga wa paukwati wake sunachoke m'mano mwanu. Ndakuonani, musabise nkhope.

Gerevasioyo anali wamfupi, wosayankhulayankhula, koma dzanja lake linali la luso. Asanakwatire anagwirako ntchito kumishoni, kumene bulaza wina wokalamba anamuphunzitsa kujambula zithunzi za anthu oyera mtima. Utoto wa m'sitolo kunalibe masiku amenewo. Ankapera dothi, nkulisefa, nkulisakaniza ndi chachikasu cha m'kati mwa dzira kuti ligwire pakhoma osasuluka.

Mkazi wake anali Nangondo, mayi wamtali, woti akati iyayi ndiye kuti iyayi. Dzinja linadza, dzinja linapita. Lina linadza, nalonso linapita. Anzawo anabereka, ana a anzawowo anayamba kupita okha kumadzi, koma m'nyumba mwa awiriwa munali zii. Mukuganiza kuti sizinkawapweteka? Zinkawapweteka kwambiri. Nangondo akamva nthungululu za mwana wobadwa kumene ankalowa m'nyumba nkukalira, Gerevasio nkukhala pakhomo.

Tsono tchalitchi chija chitatha kumangidwa, bambo mfumu amene ankabwera panjinga mwa apo ndi apo anamuuza Gerevasio kuti, "Pakhoma apa anthu azidzagwada pomanga ukwati. Jambulapo banja loyera loti aziliyang'ana." Gerevasio sanavutike kusankha. Anasankha Zakariya ndi Elizabeti, aja anakalamba opanda mwana mpaka Mulungu anadzawapatsa Yohane imvi zili mbuu.

Ntchitoyo anaigwira awiri. Nanga dothi amalidziwa ndani, si amayi amene amazira nyumba? Nangondo ankakumba katondo wofiira kumtunda, makande akuda kudambo, dothi loyera m'mphepete mwa mtsinje. Iye apere, mwamuna ajambule. Iye aswe dzira, mwamuna asakanize. Mazirawo anali a nkhuku zake zomwe, ndipo makoko ake ankawataya poyera padzala, popeza analibe choti abise.

Apo ndiye panayambira moto. Mwambo wa kale unkati mkazi amene sanabereke asadye dzira, ati limatseka njira ya mwana. Amayi ena ataona makoko ali mbwee padzala anagwira pakamwa. Nkhani inapita kuchitsime, kuchoka kuchitsime inapita kumtondo, kuchoka kumtondo inakafika kwa a Mkanthama, atsibweni ake a Nangondo, mwini mbumba. Ameneyo sanali munthu woipa ayi. Ankangoona kuti mbumba ya mlongo wake ikutha iye ali moyo, ndipo zinkamudya mtima.

Anawaitana awiriwo nati, "Akamwini, tinakupatsani munda, tinakupatsani nyumba. Mwana ayi, koma kudyetsa mazira mkazi? Sankhanipo chimodzi. Alowe fisi m'nyumbamo, kapena mutenge nkhwangwa yanu muzipita kwanu."

Ana inu musaganize za fisi wa m'tchire. Akuluakulu andimva: ankanena mwamuna wina woti alowe mobisa kukabereka m'malo mwa mwini nyumba.

Gerevasio anangoti zyoli. Mkamwini ayankha chiyani pamudzi pa eni? Koma Nangondo anadzuka nati, "Atsibweni, mazirawo alipo, sanapite m'mimba mwa munthu. Tiyeni mukawaone."

Anapita nawo kutchalitchi. Nangondo anaswa dzira iwo akuona, nkulisakaniza ndi katondo, nkupaka pakhoma. A Mkanthama anachita manyazi pang'ono, koma maso awo anali atapita kale pachithunzi. Panali nkhalamba ziwiri, zakuda ngati ife tomwe, zitaima phewa ndi phewa. Dzanja la Zakariya linali pamkono pa mkazi wake. Manja a Elizabeti anali otambasuka, opanda kanthu.

"Kodi awa si aja mphunzitsi amati anadzabereka ataweramira pandodo?" anafunsa a Mkanthama. "Nanga mwanayo ali kuti?"

Gerevasio anayankha motsitsa mawu kuti, "Ndawajambula asanamuone, atsibweni."

A Mkanthama anaganiza, anaganiza, kenako nkhope yawo inawala. Mwaona, iwo ankayesa kuti chithunzi chili ngati mankhwala a sing'anga, choti chimene wajambula chimadzachitika. Anati, "Ndiye mwadzitsekera nokha! Jambulani mwana m'manjamo, wonenepa bwino, kuti akoke mnzake. Mukatero za fisi ndizisiya, ndikupatsani nthawi."

Inu mukanatani? Kamwana kamodzi ka dothi ndi dzira, munda nkutsala, nyumba nkutsala. Gerevasio anatenga nthenga yake yojambulira naiviika mu utoto. Nangondo anamugwira pamkono.

"Bambo, ikani pansi nthengayo. Mukajambula mwanayo lero ndiye kuti mwavomera kuti ine ndine mkazi wanu pokhapokha ndikabereka. Nthawi yawoyo ikadzatha adzabweranso ndi fisi wawo. Pamene tinagwada paja, munalumbira kwa ine kapena kwa mimba yanga?"

"Kwa iwe, Nangondo."

"Nanga Elizabeti uyu anayera liti, atabereka kapena asanabereke? Zaka zonse zija akusekedwa pachitsime anali ndi mwamuna mmodzi yemweyu. Msiyeni aime momwemo."

Gerevasio anaika nthenga pansi. A Mkanthama anapsa mtima nati, "Iwe Nangondo, ukundiyankha ine pamaso pa mkamwini? Ndiye azipita lero lomwe. Munda ndi wathu, nyumba ndi yathu."

"Ndamva, atsibweni," anatero Nangondo. "Munda ndi wanu, nyumba ndi yanu. Koma mwamunayu ndi wanga. Banja ndi awiri, wachitatu ndi kapasule."

Munamvapo kuti mkazi wa kuno wasiya mudzi wa amayi ake, manda a agogo ake, kutsata mkamwini wothamangitsidwa? Nangondo anachita zimenezo dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona. Anasenza mphika ndi mphasa, Gerevasio ananyamula nkhwangwa ndi zigoba za utoto, nkukamanga kanyumba kuseri kwa tchalitchi, pamiyala pamene panalibe wolimapo. Anavutika, ndisakunamizeni. Anazula miyala ndi manja, anadya maungu okhaokha, abale ena anasiya kuwapatsa moni. Koma m'mawa uliwonse iye apere, mwamuna ajambule, mpaka chithunzi chinatha.

Ndikuona mwamwetulira, mukudikira ndinene kuti kenako Nangondo anaima. Ayi. Sanabereke. Imvi zinamera, msana unapindika, mwana wa m'mimba mwake sanamuone.

Koma kunadza chaka cha nthomba, ndipo nthombayo inatenga mng'ono wake wa Nangondo pamodzi ndi mwamuna wa mng'onoyo, kusiya kakhanda kakakazi. Mabanja ena anali ndi maliro awo, ena ankaopa matenda. A Mkanthama anayang'ana mbumba yonse, kufuna nyumba imene singapasuke ngakhale zinthu zitavuta. Mukudziwa kumene anaipeza? Pamiyala paja. Anamunyamula okha mwanayo, nafika nakhala pansi ngati mlendo, nati, "Akamwini, ndinakuthamangitsani. Nyumba imene ndinkafuna kugwetsa ndi yokhayo ndikuidalira lero. Mundilandirire mwanayu."

Gerevasio analira poyera, osachita manyazi. Nangondo sananene za kale ngakhale liwu limodzi. Anangotambasula manja. Mwana ameneyo ndiye Jenoveva, agogo anga ondiberekera amayi, amene inu nonse mwakhala panowa munatuluka mwa iwo.

Anthu anayamba kunena kuti, "Tsopano jambulani mwana uja, Mulungu wayankha." Gerevasio, amene anali ataphunzira kukana kwa mkazi wake, anati, "Ayi. Pakhoma apa adzagwada ena amene sadzamuona mwana mpaka kufa. Nawonso apeze wofanana nawo."

Khoma lija linagwa kalekale ndi mvula. Tchalitchi cha njerwa chitamangidwa, ojambula atsopano anabwera ndi utoto wawo wa m'zitini kudzajambulanso chithunzi chija, ndipo amayi anga anakawaimirira pamsana tsiku lonse kuti asaikemo mwana m'manja mwa Elizabeti. Lamulungu likubwerali mukayang'ane, mukapeza manja aja akadali opanda kanthu.

Ndiye chifukwa chake pamtundu pathu pano sitifunsa mkazi wokwatiwa kuti nanga mphatso ili kuti, sitimuwerengera miyezi, sitithamangitsa mkamwini chifukwa m'nyumba muli zii. Amene lilime likumuyabwa ayambe wakumbukira kumene anachokera. Tadziyang'anani mmene mwadzazira bwalo lino mpaka mphasa zaperewera. Tonsefe ndife adzukulu a anthu awiri amene sanabereke.