Awiri pa Msana wa Buluzi

Kuno ku Kepi, kumene ndakhala zaka zambiri ndikugwira ntchito m'munda wa mphesa, kuseri kwa nyumba yanga kuli phiri. Loweruka kumabwera anthu atamangirira njinga pamwamba pa magalimoto, kudzakwera phirilo ndi kulitsika pongofuna kusangalala. Eni malo anakhoma zikwangwani poyambira njira: chobiriwira n'cha ophunzira kumene, chabuluu n'cha ozolowera, chakuda n'cha okhawo amene sanjenjemera akaona phompho. Ndikamawayang'ana ndimaona kwathu kumapiri a Dedza. Nafenso tinali ndi njira zitatu zotsikira kumsika wa kuchigwa, kungoti njinga zathu zinkasenza matumba a mbatatesi.

Yoyamba tinkaitcha Ya Ngolo. Inali yotakata, yokhotakhota, ndipo aliyense ankaphunzirira momwemo. Yachiwiri inali Ya Masuku, yodutsa m'nkhalango, ya mizu yambiri. Ziwirizi zinkakumana pa mlatho wa mitengo n'kuwolokera pamodzi mtsinje. Yachitatu siinkawoloka mtsinje konse. Inkatsata pamwamba pa chitunda chopyapyala, phompho uku phompho uku, ndipo dzina lake linali Msana wa Buluzi. Inali yachidule kwambiri, koma oitsika pa njinga anali owerengeka.

Mwa owerengekawo, katswiri anali Lufeyo. Chiyambire unyamata wake ankatsika mmenemo ndi thumba pakaliyala, akuimba mluzu. Mkazi wake, Nankhoma, naye ankapalasa njinga, koma Ya Ngolo yokha, ndipo pa katsetse kalikonse ankatsika n'kumakankha.

Imvi zitayamba kumera, m'maso mwa Lufeyo munayamba ng'ala. Sanauze munthu. Nankhoma anangoona kuti mwamuna wake akufufuza kapu ndi dzanja, ndiponso kuti akupereka moni kwa anthu atamva kaye mawu awo. Tsiku lina Lufeyo anabwera atasupuka chigongono, n'kunena kuti mbuzi inamudutsa kutsogolo. Nankhoma anamutsuka balalo osafunsa za mbuziyo. Atamaliza anati:

"Bambo a Felesiya, masiku ano ndikuopa kutsika ndekha. Muzindiperekeza."

"Mwayamba liti mantha, inu amene munathamangitsa nyani ndi mthiko?"

"Ukalamba. Koma ndizikhala patsogolo ndine, kuti ndikagwa mundione."

Kuyambira pamenepo ankamanga mpango woyera kumsana tsiku lililonse la msika. Lufeyo ankatsata choyeracho m'njira Ya Ngolo, ndipo palibe mwa awiriwo amene anatchula chifukwa chake.

Kumsika kunali Zakeyu, msuweni wa Lufeyo, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Pachisuweni pawo ankanyozana momwe afunira.

"Taonani mkango wa ku Msana wa Buluzi," ankatero akawaona akufika. "Lero aukoka ndi mpango. Asuweni, ndikuikireni timatayala tiwiri ta m'mbali?"

"Konzani kaye mano anuwo, atsala ngati masipoko a njinga yakugwa," ankayankha Lufeyo, anthu n'kuseka.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Felesiya, anakwatiwa kuchigwa komweko, ndipo chaka chimenecho anali woyembekezera koyamba. Mwezi wa Febuluwale kunagwa mvula yosalekeza. Itakata m'mawa wina, kunafika munthu wapansi, matope mpaka m'mawondo. Anati Felesiya wadwala kuyambira dzulo, zinthu sizikuyenda bwino, ndipo a kuchipatala chaching'ono amutumiza ku chachikulu. Galimoto inyamuka dzuwa likafika paliwombo. Felesiyayo sakulankhula china, akungoitana amayi ake. Anatinso mlatho wa mitengo wapita ndi madzi, ndipo iye wachita kukwawa m'matanthwe chifukwa njira ziwiri zija zaonongeka.

Dzuwa linali litakwera kale. Aliyense woyenda wapansi sakanafika kuchigwa nthawi yabwino. Nankhoma anayang'ana njinga yake, kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Njira yatsala imodzi," anatero Lufeyo.

"Sindinaipondepo."

"Ine ndimaidziwa ngati m'kamwa mwanga." Kenako anati, "Koma sindingaione, aNankhoma. Maso anapita kale."

"Ndikudziwa, bambo. Tapopani matayalawo."

Nankhoma anamanga mpango wake, nakhala patsogolo monga mwa masiku onse. Lufeyo ankanena za kutsogolo zisanafike.

"Mukadutsa mkuyu pali timiyala toterera. Siyani buleki ya kutsogolo, gwirani ya kumbuyo yokha. Khalirani kumbuyo kwa chishalo."

"Ndisiye buleki pamalo otere? Mukufuna mukwatire wina?"

"Angandifune ndani? Siyani."

Anaisiya, akupemphera chamumtima, ndipo njinga inadutsa bwinobwino. Nankhoma naye ankanena zimene mvula inasintha: nthambi yagwa kumanja, madzi akumba ngalande pakati, pitani cha kumanzere. Nkhungu inali itatsalira kumtunda, ndipo chigwa chonse chinkaoneka, minda ya mpunga ikunyezimira. Nankhoma anati pakanakhala nthawi akanaima.

"Mukuona mtengo wa mlambe uli wokha kutsidya?" anafunsa Lufeyo.

"Ndikuuona."

"Ndiye kuti ulipobe. Tiyeni."

Chakumunsi kuli malo otchedwa Pakhomo, pamene njira imapanikizika pakati pa miyala iwiri ikuluikulu. Lufeyo anati: "Tikatuluka pamiyalapo pali katsetse, kenako kachitunda. Musagwire buleki ngakhale pang'ono. Liwiro lokhalo ndilo likukwezeni."

Nankhoma anamvera. Anatuluka pakati pa miyalayo ali paliwiro, n'kuona kuti katsetse kaja kulibe. Nthaka inali itagumukira kuphompho. Anadzigwetsera dala m'tchire la m'mbali, ndipo asanadzuke n'komwe anafuula: "Imani, bambo a Felesiya, njira palibe!"

Lufeyo sankaona kanthu koma utsi wotuwa. Choyera chija chinali chitasowa. Miyendo yake inkamuuza kuti njira ilipo, poti inali ilipo moyo wake wonse, ndipo pamalo amenewo anali asanagwirepo buleki. Anafinya mabuleki onse awiri, nakwekweza phazi pansi mpaka nsapato inavuka. Njinga inaima. Anamva timiyala tikugubuduka kuchokera pansi pa tayala la kutsogolo, ndipo tinatenga nthawi tisanaleke kumveka.

"Musasunthe," anatero Nankhoma. Anabwera akutsimphina, namugwira lamba kumbuyo, n'kumukokera pang'onopang'ono.

"Mwavulala?"

"Minga chabe. Gwirani kaliyala yangayi, tizungulire kumtunda."

Anazungulira chigumukirecho wapansi, mkazi akukankha njinga, mwamuna atagwira kaliyala. Njinga ya Lufeyo anaisiya pomwepo. Kumene kunatsala kunali kosavuta, ndipo Lufeyo ndiye anapalasa, Nankhoma ali pakaliyala akuyang'anira paphewa pake n'kumamuuza pokhota.

Anapeza galimoto italira kale injini. Nankhoma anakwera osasasa n'komwe minga, ndipo Felesiya atamva dzanja la amayi ake pamphumi analeka kubuula. Galimoto inapita. Lufeyo anatsala pamsewu, nsapato imodzi, atagwira njinga ya mkazi wake.

Zakeyu anabwera kuchokera pa mango paja. "Asuweni, mwadzera kuti poti mlatho kulibe?"

"Msana wa Buluzi."

"Ngakhale kumeneko mpaka akuperekezeni akazi? Mantha amenewa ndi a mankhwala."

Lufeyo sanabweze chipongwe tsiku limenelo. Anati: "Zakeyu, nkhope yako ndinasiya kuiona kalekale. Ndimakudziwira fungo la girisi. Ine ndinali ndi njira, iwo anali ndi maso. Ndikanakhala ndekha bwenzi pano ndili pansi pa Pakhomo, akanakhala okha sakanapitirira pamkuyu. Kuyenda awiri si mantha."

Zakeyu anayang'anitsitsa m'maso mwa msuweni wake, naona zoyerazo. Anapita kukatseka bokosi la zipangizo zake, nabwera ndi nsapato zake zakale.

"Valani izi. Mugona kwathu mpaka timve za mwana. Madzi akaphwa tikwera limodzi, nanenso phiri lija limandisungulutsa ndikakhala ndekha."

Patapita masiku uthenga unafika kuti Felesiya wachira, mwana wamkazi.

Aphunzitsi angakuuzeni kuti mwambiwu ndi wakale kuposa njinga, ndipo sindingatsutsane nawo, koma kwathu timati unayambira pamenepo. Kuyenda awiri si mantha. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wofuna mnzake pa ulendo, pa ntchito, kapena pa moyo, si wofooka ayi. Wangodziwa kuti palibe amene ali nazo zonse, ndipo chimene wasowa iwe kawirikawiri chili ndi amene ali pambali pako. Choncho ana inu, mukaona wamkulu akutsata mnzake m'njira yosavuta, musafulumire kumuseka.

Nkhaniyi ankaikamba bwino ndi malemu mkazi wanga, mdzukulu wa Zakeyu, ndipo ndikalakwitsa ankandikonza. Tsopano wondikonza palibe, ndipo mwina zina ndasokoneza. Wina mwa inu amene muli kumudzi apite kwa akuluakulu otsala, akafunse bwino, ailembe m'buku.