Nikahi ya Zaituni ndi Malaya a Chipani

Ndagi! Yankhani kuti gize, ndikuponyereni: nsomba imodzimodzi, m'dengu langa ndi chambo, m'dengu la mnzanga ndi chule.

Swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, itangotha, Che Mdoka, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, adatulukira kumzikiti ali wefuwefu, kofiya itapendekera kukhutu. Kamwana kawo kachitsirizira, Asiyatu, kankathamanga pambuyo. Adapeza Shehe Mtalika atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, akusoka nkhwaira yawo yoduka.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, Che Mdoka. Khalani, mpweya ubwerere."

"Ndikhala bwanji dziko litatembenuka? Nikahi ya mwana wanga Zaituni, ya Loweruka lino, musaimangitse. Ndamuona ndi maso angawa mkamwini uja, Rajabu, atavala malaya a nkhope ya Mkwanda, woimira chipani china uja! Pamsika, dzuwa likuswa mtengo!"

Amuna amene ankavala nsapato pakhomo adaima. Mbuzi ya ukwati inali itagulidwa kale, mpunga utapetedwa.

"Kodi a Mkwanda adalakwanji?" adafunsa Shehe, Che Mdoka atagwetsa thupi pamkeka.

"Munthu wolekezera Sitandade 8 akalankhula chiyani ku Nyumba ya Malamulo? Akasinza basi! Wathu ndi a Karimu, madigiri awiri, Chingerezi ngati madzi. Wosankha mbuli ndi mbuli. Ndimupatse mwana wanga?"

Shehe adaika singano pansi. Iwowa Kurani yonse ili pamtima, ndipo anthu amati mawu akalowa m'khutu mwawo sapeza khomo lotulukira.

"Mundilole ndikuuzeni zomwe mkulu wina adandiuza. Adati: 'Mkwanda ndi mwana wa m'mudzi, njala amaidziwa ndi mimba, osati ndi buku. Digiri simakumba chitsime. Koma Karimu ndi mmwenye wobadwira kuseri kwa sitolo. Khasu adaligwirapo? Maliro athu adagonapo? Magazi ake si athu, ngakhale aswali nafe mzere umodzi.'"

"Astaghafirullah!" Che Mdoka adadzuka. "Kunyoza Msilamu mnzake chifukwa cha khungu? Ndani galu ameneyo? Mutchuleni, ndikamutsuke mkamwa!"

"Adakhala pamene mwakhalapo, pamkeka womwewu, chisankho chapitacho. Nthawi imeneyo a Mkwanda anali m'chipani chanu, a Karimu ali kwinako. Kofiya yake inali yomweyi."

Che Mdoka adawamva mawu awo aja akubwerera, ndi liwu lawo lomwe, ndi kachifuwa kawo komwe. Adakhalanso pansi. Nsomba ija ndi imeneyo: munthu wopempha voti.

"Shehe," adatero motsitsa, "zinthu zimasintha."

"Zoona, bambo. Ndiye ndiphunzitseni, ine ndine wosadziwa. A Mkwanda adabweza makalasi angati kuti asanduke mbuli? A Karimu adasamba mumtsinje uti kuti magazi awo akhale athu?"



"Amene musankhe ndi nkhani yanu ndi Allah, ine sindilowa nanu m'kachipinda kovotera," adapitiriza Shehe. "Koma sikelo yofunsa kaye mwini dengu isanayeze, ndi haramu pamsika, ndi haramunso mumtima. Rajabu akukonda munthu amene inu mudamuphunzitsa kukonda. Mlandu wake ndi wakuti adakukhulupirirani. Pa mlandu umenewo ine sindiletsa nikahi. Loweruka ndibwera, Insha Allah, pokhapokha mutandiuza choipa cha iye mwini."

Adatolanso singano yawo.

Che Mdoka adawongola kofiya, namuitana mwana kuti azipita. Koma Asiyatu adakoka mkanjo wa bambo ake, nafunsa mokweza, anthu onse akumva:

"Ababa, nanga a Mkwanda akabwerera kuchipani chathu, nzeru zawo akazipeza kumene adazisiya?"