Ketulo ya Mayi Wiritsani

M'kanyumba ka tiyi ka pafupi ndi depoti ya mabasi munali mabenchi awiri, tebulo lotsimphina mwendo umodzi, ndi chiketulo chakuda bii ndi mwaye. Eni ake anthu anawaiwala dzina, ankangoti Mayi Wiritsani. Dzinali analipata chaka cha kolera, pamene ankayenda khomo ndi khomo kukalipira anzawo kuti aziwiritsa madzi, ndipo kwawo sikunadwale ngakhale mphaka. Kuyambira pamenepo moto unasanduka dokotala wawo. Uwadandaulire za mutu, za chimfine, kaya za mwamuna wosamva, yankho linali lomwelo: wiritsa madzi.

Amuna awo, bambo ofatsa amene anapuma ntchito yaulonda, anali ndi udindo umodzi wokha, kulawa kapu yoyamba. "Boma la muno ndine," ankatero kwa madalaivala. "Tiyi satuluka ndisanavomereze."

Tsiku lina kutagwa chimvula, dziwe la zonyansa la fakitale yofufuta zikopa kumtunda linagumuka, mankhwala onse n'kutsikira mumtsinje. Nsomba zinayandama chagada, mimba zili mbee. Apa boma silinawodzere ayi. Linatseka fakitale, linatseka mipope yochokera kumtsinjeko, n'kutumiza magalimoto a mathanki odzaza madzi abwino. Galimoto yachimkuzamawu inazungulira misewu yonse: "Madzi a mumtsinje musamwe, musaphikire, ngakhale mutawawiritsa!"

Mawu omalizawo anawalasa mumtima Mayi Wiritsani ngati awatukwanira mwana. Anayang'ana mzere wa pathanki, mmene unatalikira, nayang'ananso mgolo wawo umene anadzaza kumtsinje m'mawa womwewo, madzi ake ali mbuu pang'ono chabe. Anasonkha moto.

Ketulo ili mkati mobwata, panatulukira mtsikana wa zaumoyo, woonda, atavala magambutsi omukulira.

"Mayi, madzi awa mwatunga kuti?"

"Komwe ndinkatunga iwe usanabadwe."

"Chonde atayeni. Thanki ili pabwalo la sukulu, ndipo ndi aulere."

"Mwanawe, taona mmene ikubwatira ketuloyi. Kachilombo kake kati kangapulumuke pamenepa?"

"Si tizilombo, mayi, ndi mankhwala. Tizilombo timafa pamoto chifukwa n'tamoyo. Nanga chinthu chosapuma mungachiphe bwanji?"

Madalaivala amene ankadikira tiyi anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunaumitsa khosi la mayiwo. Anakana kutaya ngakhale dontho. Mtsikanayo anapepesa kaye, kenaka anatulutsa anthu onse, n'kukoleka loko wa boma pachitseko. Zimene anamva tsikulo sizobwereza. Anatchedwa mwana wopanda mwambo, wolanda anthu chakudya pakamwa, wophunzira zosapsa. Iye anangoti, "Mukayamba kutunga pathanki mundiitane, ndidzatsekula ndi manja anga."

Liuma ndi matenda oipa, chifukwa mwini wake amayesa ndi nzeru. Mayi Wiritsani anakweza pawilibala mgolo ndi ketulo zimene zinatsala panja, ulendo wa kunyumba. Kumeneko ankawiritsa madzi aja nthawi yaitali kuposa kale, mpaka ketulo kutsala theka, kuti aonetse dziko kuti moto sunama.

"Amayi, bwanji ndikangoima pamzerepo ineyo?" anayesa bambo aja. "Ntchito yoimirira ndinaizolowera."

"Imwani apa. Munayamba mwadwalapo ndi madzi anga inu?"

Bamboyo anamwa, poti nkhondo ya m'nyumba ankaiopa kuposa poizoni. Mayiwo m'mimba munayamba kuwapota, koma analuma mano osauza munthu. Amuna awo, amene tiyi ankamwa ngati ngamila, ndiwo anagwa. Anayamba kusanza, m'kamwa munatuluka zilonda, mkodzo n'kusiya kutuluka. Munthu wanthabwala uja anangoti zii pamphasa, maso ali kudenga. Mayi Wiritsani anagwidwa ndi mantha amene sanawamvepo chibadwire, ndipo pothedwa nzeru anathamangira kukasonkhanso moto.

Ali chigwadire pambaula anamva odi. Anali mtsikana wamagambutsi uja.

"Pathanki ndaona nkhope zonse za mumsewu uno, kupatula imene inandilalatira," anatero. "Mtima sunandikhale. Bambo ali kuti?"

Atangowaona sanafunsenso zambiri. Anaimba foni, ndipo posakhalitsa galimoto ya chipatala inaima pakhomo. Adokotala ananena mosabisa kuti impso za bamboyo zinatsala pang'ono kugonja, ndipo akanachedwa nawo nkhani ikanakhala ina. Anawaika madiripi, mayiwo n'kupatsidwanso mankhwala awo. Masiku onse amene bambo anagona m'chipatala, mtsikanayo ankadutsa akaweruka kudzafunsa mmene aswerera, osakumbutsa ngakhale mawu amodzi a kudepoti aja.

Bambo atayamba kukhala tsonga n'kumadandaula kuti tiyi wa kuchipatala alibe womuvomereza, mtsikanayo anaperekeza mayiwo kunyumba kukachotsa mgolo. Anavundukula ketulo ija n'kuwaitana. Pansi pake panali patamatirira chikoko chachikasu chosakanikirana ndi kubiriwira.

"Nthunzi imathawa ndi madzi okha, mayi. Poizoni amatsalira, ndiye mukamawiritsa kwambiri m'pamene amakula mphamvu."

Mayi Wiritsani anakhala pansi. M'maso mwawo munabwera mabenchi awiri aja atadzaza madalaivala, aliyense kapu ili m'manja, aliyense basi yodzaza anthu ikumudikira panja. Loko amene anamutemberera uja ndiye anaima pakati pa iwo ndi maliro a anthu osawadziwa n'komwe. Analira mosabisa, atagwira dzanja la mwanayo.

"Ndinakunyoza pagulu, iwe n'kudzandifunafuna. Mayi ako anabala munthu."

Mtsinje unatenga nthawi kuti uyere. Boma linakakamiza fakitale kukonza dziwe lake ndi kuyeretsa zimene inaononga, ndipo madzi ankapimidwa kawirikawiri mipope isanatsekulidwe. Nthawi yonseyo woyamba pamzere wa pathanki anali Mayi Wiritsani, ndipo tsoka kwa aliyense amene anamupeza akulowera kumtsinje ndi ndowa.

Tsiku lotsekula kanyumba ka tiyi, mtsikanayo anachotsa loko ndi manja ake monga analonjezera. Ketulo yatsopano itabwata, bambo anatambasula dzanja mwachizolowezi, koma kapu yoyamba inawadutsa n'kukatera m'manja mwa mlendoyo.

"Aa! Boma la muno lagwa liti?" anafunsa bamboyo.

"Tsiku limene linamwa zoletsedwa," anayankha akazi awo. "Mwanangayu ndiye azivomereza."

Madalaivala anaseka mpaka kugwira nthiti, koma Mayi Wiritsani anapukuta maso ndi nsonga ya epuloni, akuyang'ana amuna awo ali moyo pabenchi. Anali atadziwa tsopano zimene akuluakulu ankatanthauza ponena kuti wakutsina khutu ndi mnansi.