Sakhwi ndi Phale Lomaliza

Kudali njala chaka chimenecho, njala yoti ndi chiswe chomwe chinkagona kumimba kuli gwaa. Sakhwi, kanyama ka mphuno yaitali kaja, analibe munda. Anali ndi mkazi wake Nasuluma, ndi mphika wosweka.

Mapale a mphikawo Sakhwi anawasema kukhala ozungulira, mbali ina yakuda ndi mwaye, ina yofiira. Kenaka anajambula tizipinda patsinde pa mkuyu.

"Masewerawa ngosavuta," anauza Nguluwe, amene anabwera ndi chinangwa. "Timaika mosinthana. Mukatsekera mapale anga pakati pa anu awiri, mumawatembenuza, asanduka anu. Tizipinda tikadzaza, wa mapale ambiri watenga chakudya."

"Ayambe ndani?"

"Aa, achimwene, thupi lonselo? Wamkulu ndiye amayamba."

Nguluwe ulemuwo unamukomera. Sanadziwe zimene Sakhwi ankadziwa: woyamba samaliza, ndipo phale lomaliza likatembenuza anzake, palibenso wobwezera. Chinangwa cha Nguluwe chinapita.

M'mawa mwake kunabwera Nanzikambe ndi bowa wouma.

"Ine ndine wochepa thupi, yamba iwe," anatero Nanzikambe.

"Ukulu si thupi, agogo. Ukulu ndi zaka."

Bowa unapita.

"Bambo, nkhokwe yadzaza," anatero Nasuluma. "Zakwana."

"Kamodzi kokha, mayi."

Pamenepo panatera Mphamba, amene masiku onsewa ankaonerera ali m'mwamba.

"Ndikagonja, sindidzadutsanso pamwamba pa dambo lino. Iwe uikapo chiyani? Chinangwa sindidya ine." Maso ake anali pa Nasuluma.

Sakhwi anaseka. Anali asanagonjepo. "Ndavomera. Yambani, akulu."

"Akulu ndani? Ine ndaswedwa dzinja lapitali. Inu ndevu zayera kale. Yambani, bambo."

"Koma mapikowo, msinkhuwo..."

"Ukulu si thupi," anatero Nanzikambe pang'onopang'ono ali pa nthambi. "Ukulu ndi zaka. Ndinamva ndi makutu anga."

"Nanenso ndinalipo," anatero Nguluwe.

Sakhwi anatola phale lakuda, nayamba. Anasewera mwaluso kuposa masiku onse. Ananamizira kutsokomola, ananamizira kuti kwabwera mvula, ati mwina Mphamba angayang'ane kumbali. Mphamba maso ali phee pansi. Komabe pofika kumapeto akuda anali atachuluka, mpaka Nasuluma anayamba kumwetulira.

Kanatsala kachipinda kamodzi, ka pangodya. Mphamba anaikapo lofiira, nayamba kutembenuza ndi chikhadabo chake, limodzilimodzi, mzere wonse, kenaka winanso. Patsinde pa mkuyu panafiira psuu.

Nasuluma sanalire. Anangokonza nsalu yake.

"Chinangwa chija ndachiviika kudambo. Mukachivuule mawa, chingaole."

Mphamba anamunyamula nauluka, ndipo mphepo ya mapiko ake inabalalitsa mapale onse m'tchire.

Nkhokwe ija inafumbwa osatsegulidwa. Ine ndayenda madera ambiri, ndipo kulikonse kumene ndaona sakhwi, ndamupeza akuthamanga m'kanjira kake, akutembenuza tsamba lililonse ndi mphuno. Akufunabe phale limodzi loti aike pomaliza.