Voti ya Olemekezeka a Birimankhwe

Khalani pansi apo, mvulayi sikata msanga. Iwe Zaithwa, chotsa dzanja pa makina angawo, singano ikakubaya usabwere kudzalira kwa ine. Malaya awiri mukuwayang'anawo mwini wake ndi mmodzi. Awa ndinamusokera chaka chatha ali chipani china, awa ndikumusokera lero ali chipani china. Mwaseka? Ine sindikuseka ayi. Tamverani.

Padangotero, kale nyama zikadali ndi dziko lawo, zinatopa ndi kulamulidwa ndi aliyense wa nyanga zazitali. Zinapangana kumanga Nyumba ya Malamulo. Dera lililonse litumize phungu wake, akakhale kumeneko zaka zisanu, kenako abwerere kwawo anthu ake akamuone ngati wagwira ntchito.

Dera lina linali la ku Dziwe, kwa achule. Achulewo anali ndi vuto limodzi lokha, koma lalikulu. Chaka ndi chaka madzi akayamba kuchepa kwina, njati zinkabwera kudzagubuduka m'dziwe lawo. Khuvuu! Khuvuu! Zikamachoka, dziwe latsala matope okhaokha, ndipo mbululu, ana a achule osamera miyendo aja, zafera momwemo. Panali mayi wina dzina lake Nachule, amene anaikira mazira kanayi koma analibe mwana ndi mmodzi yemwe wotha kulumpha.

Pa msonkhano wosankha phungu, ena anati, "Titume a Nachule, nkhaniyi amaidziwa ndi mtima."

Ena anakana. "Aaa, chule ku likulu? Ife timalankhula mokuwa, maso ali tong'o. Akatichititsa manyazi. Titume munthu wooneka bwino."

Munthu wooneka bwinoyo anali Birimankhwe, amene ankakhala pa chitsamba cha m'mbali mwa dziwelo. Kuyenda kwake kwa ubwana, phazi limodzi, kuganiza kaye, phazi lina. Anakwera pa bango, nakweza dzanja.

"Ndili nanu, abale anga, ndili nanu ndithu! Njati zikadzapondanso m'dziwe muno, mudzandidule mchira."

Achule anaimba mpaka mawu kusasa. Birimankhwe anapambana, napita.

Tsono Nyumba ya Malamuloyo inali ndi mwambo wake. Sipikala anali Nang'omba, mbalame yakuda ya mawu a ng'oma ija. Nkhani ikakambidwa n'kutha, Gogomole ankagogoda mtengo katatu, go, go, go! Ovomereza ankapita kukaima pa msipu wobiriwira. Okana ankakwera pa chulu chofiira. Kalaliki, a Nyamalikiti a khosi lalitali, ankawerenga mitu ali pamwamba. Nthawi yowerengayo pakamwa pankakhala potseka, wolankhula voti yake inkatayidwa. Ndipo mbali ziwirizo zikafanana, nkhaniyo yagwa basi. Mwamva malamulo awiriwo? Muwasunge, tidzawafuna.

Mbali ya boma ankaitsogolera Njati mwini wake. Mbali yotsutsa ankaitsogolera Nungu, wa minga thupi lonse, ndi pakamwa pomwe.

Tsiku loyamba kuvota, Birimankhwe anayang'ana Njati ndi diso ili, nayang'ana Nungu ndi diso linali. Paja maso ake amayenda payekhapayekha. Uku ziboda, uku minga. Pakati pa msipu ndi chulu panali chipika chotuwa. Mkuluyo anangokwerapo, khungu lake n'kusanduka lotuwa, phee. A Nyamalikiti anawerenga uku, nawerenga uko, iye osamuona.

Atatha kuwerenga, a boma anali atapambana. Birimankhwe anatsika, napita kwa Njati.

"Bwana, mwandiona? Ndinali kumbuyo kwa chiboda chanu. Ndili nanu, ndili nanu ndithu!"

"Mwana wabwino," anatero Njati, namuitanira ku phwando la ziwala zonona.

Atakhuta anazembera kwa Nungu.

"Akulu, atibera anthu awa. Ine ndinali kuseri kwa chulu, fumbi ili mukulionali. Ndili nanu, ndili nanu ndithu!"

"Ndiwe mwamuna," anatero Nungu, namuika mu komiti ya maulendo.

Ha! Anaona kuti ntchitoyi ndi yophweka bwanji. Gogomole akati go, go, go, iye pa chipika, phee. Nkhani ya misewu ya nyerere, phee. Nkhani ya moto wa m'tchire, phee. Mimba inakula, mchira unapiringizika mwaulemu. Chaka choyamba chinatha, njati zinagubuduka m'dziwe monga mwa masiku onse.

Chaka chachiwiri Nachule anati, kapena a phungu athu aiwala njira yobwerera, ndiwatsatire. Analumpha masiku atatu, dzuwa likumuuma khungu. Atafika anafunsa kwa mlonda wa pa chipata.

"Ndikufuna Olemekezeka a ku Dziwe."

"Anali pompano," anatero mlonda. "Dikirani pansi pa mkuyu apo."

Birimankhwe anali pa nthambi ya mkuyu womwewo, pamwamba penipeni pa mutu wa mayiyo. Anamuona akubwera, n'kusanduka khungwa la mtengo. Nachule anakhala pansi, nadikira. Dzuwa linafika pamutu. Linapendeka. Kenako mayiyo anayamba kulankhula ngati akulankhula yekha.

"Chaka chino mbululu zanga zinali zitayamba kumera timiyendo takumbuyo. Ndinati mwina izi zipulumuka. Kutsala sabata imodzi yokha. Ndinazitola m'mapazi a njati, imodziimodzi. Sindinabwere kudzapempha chakudya ine. Ndimangofuna wina akaime m'nyumbamo anene kuti ku Dziwe kuli ana."

Pa nthambi paja, zii. Nachule anapukuta m'maso, nayamba ulendo wobwerera.

Ine nkhaniyi ikafika pamenepa imandipsetsa mtima, ana inu. Kumva mayi akulira pansi pako, iwe n'kudzisandutsa mtengo!

Musaganize kuti Nyumbayo sinkagwira ntchito. Inkagwira, eee! Chaka chachitatu anakangana miyezi iwiri kuti phungu wopanda mchira akhale kutsogolo kapena kumbuyo. Anatulutsana, anabwezana, anatuluka mokwiya, nabwerera nthawi ya chakudya. Nkhani ya dziwe itamveka, anaipereka ku komiti. Komitiyo inapita kukaona ndi maso, wapampando wake ali mlamu wake wa Njati. Atafika anati, "Tiyeze kaye kuya kwake." Analowamo, khuvuu, natembenuka kawiri, natuluka matope ali thoo. Lipoti linati dziwelo ndi labwino kwambiri, ndipo pa nthawi ya ulendowo komiti sinapezemo mbululu yamoyo yoti n'kuiteteza. Birimankhwe anali nawo pa ulendowo, koma achule sanamuone. Anali atasanduka bango.

Chaka chachinayi chinapita ngati chachitatu.

Chaka chachisanu, chisankho chitayandikira, aphungu onse anakumbukira kuti ali ndi kwawo. Nungu, pofuna kubaya Njati pamalo opweteka, anabweretsa bilu yoti nyama ya ziboda isapondenso m'dziwe la achule mpaka mbululu zitamera miyendo. Musati ankawakonda achule, ayi, ankangodana ndi Njati. Koma kwa Nachule zimenezo zinalibe kanthu. Analumphanso masiku atatu, ndipo ulendo uno anamupeza phungu wake ali pamtetete, pa mwala woyera, alibe nthawi yosintha.

"Olemekezeka, mwaswera bwanji?"

"Aaa, mayi Nachule! Ndimati ndibwere sabata yamawa yomweyi."

"Musavutike, ndabwera ndine. Ndakalamba, bwana. Mazira ndaikira chaka chinowa ndi omaliza, thupi landiuza. Aswa kale. Njati zibwera mwezi wamawa. Mawa mukuvota. Ndikupempha chinthu chimodzi: mukaime pa msipu."

Birimankhwe anamuyang'anitsitsa. Anaona nthiti za mayiyo, nakumbukira za pa mkuyu paja, manyazi n'kumugwira. Anakumbukiranso kuti chisankho chili pafupi. Zonse ziwiri zinamugwira pamodzi, sindinganame kuti chinali chimodzi.

"Ndili nanu, mayi," anatero, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ankanena zoona.

Kutacha Nyumba inadzaza. Nachule anakhala ku malo a alendo, kumene munthu saloledwa ngakhale kutsokomola. Anakangana mpaka masana. Njati anati thupi la njati limafuna matope, ndi ufulu wachibadwidwe. Nungu anati ufulu wa Njati umathera pamene payambira mwana wa mnzake. Kenako Nang'omba anati zakwana.

Go, go, go!

Birimankhwe anadutsa chipika chake chija osachiyang'ana. Phazi limodzi, phazi lina, mpaka anafika pa msipu, naima kutsogolo penipeni. Ali chiimire, Njati ali pa chulu anatembenuza mutu, napumira m'mphuno, fuu! Sankayang'ana iye n'komwe, ankangopirikitsa ntchentche chabe. Koma khungu la Birimankhwe linali litazolowera. Zaka zisanu, likamva go, go, go, linkadziwa chochita. Mwini wake asanaganize kanthu, linali litasanduka kale biriwiri, ngati udzu umene anaimapo.

"Ayi, lero ayi!" anatero mumtima. Anayesa kufiira, khungu linakana. Anayesa kuda, linakana. Anadzitukumula, anagwedeza mchira, koma ankangooneka ngati tsamba logwedezeka ndi mphepo. Akuwe? Wolankhula voti yake imatayidwa. Anaona khosi la a Nyamalikiti likubwera pamwamba pake, maso akuluakulu aja n'kumudutsa bwinobwino, kupita kwa Gologolo amene anaima pambali pake.

"Bambo Sipikala," anatero a Nyamalikiti, "pa msipu makumi awiri. Pa chulu makumi awiri."

"Zafanana," anatero Nang'omba. "Bilu yagwa."

"Bodza!" Birimankhwe anakuwa. "Bambo Sipikala, ine sanandiwerenge! Ndinali pa msipu! Makumi awiri ndi mmodzi!"

Nang'omba anasuzumira pansi. "Akulankhulawo ndani?"

"Ndine, phungu wa ku Dziwe!"

"Ku Dziwe kuli phungu? A Kalaliki, taonani m'buku."

A Nyamalikiti anatsegula masamba onse a zaka zisanu. "Bambo Sipikala, analumbira tsiku loyamba. Kuchokera pamenepo sanaimepo pa msipu, sanaimepo pa chulu."

Njati anaseka mpaka chulu kugwedezeka. "Ameneyo ndi wanga. Nthawi zonse amaima kumbuyo kwa chiboda changa, amandiuza yekha. Ngati mukumuwerenga, mumuwerengere kuno."

"Wanu bwanji?" Nungu anaimika minga. "Amandiuza ine kuti amakhala kuseri kwa chulu ndi ife!"

Apo Njati ndi Nungu, amene sanagwirizanepo chilowereni m'Nyumbamo, anayang'anana, kenako onse awiri n'kuyang'ana Birimankhwe.

"Alipo amene wawaona Olemekezekawa pa msipu?" anafunsa Nang'omba.

Panalibe ndi mmodzi yemwe. Ngakhale Gologolo anangopukusa mutu.

"Nyumba ino imawerenga amene yawaona. Nkhani yatha."

Zaka zisanu zinathera pomwepo. Nyumba inatsekedwa, aphungu n'kubwerera kwawo kukapemphanso mavoti. Ndi kayendedwe kake kaja, Birimankhwe anafika ku Dziwe patatha mwezi ndi theka. Anapeza njati zadutsa kale. Pamene panali madzi panali matope ong'aluka, gwaa, ndi mapazi akuluakulu. Nachule anali atakhala m'mphepete mwa phazi limodzi, akuyang'ana m'katimo.

"Mayi," anatero Birimankhwe, "ndinaima pa msipu. Ndikulumbira. Sanandione chabe."

"Ndikudziwa kuti munaima," anatero Nachule osatembenuka. "Ine ndinakuonani."

"Munandiona? Ndiye muwauze anzanuwa! Muwauze kuti ndinali nanu!"

"Ndinakuonani chifukwa ndinaphunzira kukuonani. Khungu mumabisa, koma diso lanu limayendayenda. Ndinaliona pa msipu. Ndinalionanso pa nthambi ya mkuyu, chaka chachiwiri chija. Mumayesa ndinkalankhula ndi mtengo? Ndinkalankhula ndi inu, bwana. Tsiku lonse ndinkadikira kuti mutsike."



Tsiku la msonkhano wa chisankho anakwerabe pa bango lake lija, nakweza dzanja.

"Ndili nanu, abale anga, ndili nanu ndithu!"

Chule wina anayang'ana kumwamba. "Mwamva kanthu, anzanga?"

"Mphepo imeneyo," anatero wina. "Pabangopo palibe munthu."

Sanamudule mchira, sanamutukwane, sanamuponye ngakhale dothi. Anangomuyang'ana modutsa, monga anachitira a Nyamalikiti. Anasankha Nachule, wa mawu okuwa ndi maso otong'oka yemwe uja. Akuti tsiku loyamba kuvota anaima pa msipu n'kudzipaka dothi lofiira pamutu, kuti wowerenga asadzanamizire maso. Patapita chaka lamulo la dziwe linadutsa, ndipo mbululu za achule ena zinamera miyendo. Zake zinali zitatsala m'phazi la njati lija.

Mpaka lero mukamuona Birimankhwe pa njira, phazi amalitukula, n'kulibweza, n'kulitukulanso, diso ili kwa Njati, diso ili kwa Nungu. Akufunabe pokaima.

Yathera pamenepo, mvula nayo yakata, dzukani ndimalize malaya a bwanawa. Koma mutenge ichi popita: ukazolowera kubisala pa tsiku limene anthu akukufuna, sudzaoneka pa tsiku limene iwe ukufuna kuti akuone.