Zolozera Njira Ziwiri za Wotemera Nkhuku

Panali bambo wina kumapiri a ku Ntcheu amene nsapato zake zinkatha msanga kuposa matayala a galimoto yake. Anthu ambiri sankaziona zimenezi. Ankangoona kagalimoto kake kakale kakudutsa, n'kumati, "Alangizi awo."

Ntchito yake inali yotemera nkhuku kuti zisafe ndi chitopa. Katemera wake ndi wa dontho limodzi m'diso, nkhuku iliyonse. Koma ntchitoyi ili ndi lamulo lake: umafika m'mawa, nkhuku zikadali m'khola. Akangozitsegulira, basi. Palibe munthu amene angagwire nkhuku za mudzi wonse zitabalalika.

Bamboyu anali mlendo m'deralo, ndipo foni yake inkataya netiweki akangolowa m'mapiri. Choncho anapita m'tauni kukagula kachipangizo kolozera njira, kaja ena amati jipiesi.

M'sitolomo anamuonetsa tiwiri. Koyamba kanali kokulirapo, kowala bwino, komata pagalasi la galimoto. Kankayankhula ndi mawu ofatsa a mzimayi: khoterani kumanzere, khoterani kumanja. Kachiwiri kanali kakang'ono, kachikasu, kokwana m'dzanja, ka chingwe chokolekera m'khosi. Sikankayankhula. Kankangoonetsa muvi, ndi mtunda umene watsala.

Bamboyu anali munthu wachidwi. Anatembenuza tonse tiwiri, akufunsa. Kamadziwa bwanji pamene ndaima? Ndani anakauza mayina a midzi? Mayi wogulitsayo anayankha zimene ankadziwa, kenako anayang'ana nsapato za bamboyo. Zinali zofiira ndi dothi, ndipo m'zingwe zake munakanirira chisoso.

"Bambo, kumene mumapitako galimoto imafika pakhomo?"

"Imafika pafupi."

"Pafupi pa m'tauni, kapena pafupi pa kumudzi?"

Bamboyo anaseka. Koma mtima wake unali utapita kale kwa kolankhula kaja, ndipo anagula kameneko.

Tsono kuseri kwa phiri kunali mudzi umene anali asanafikeko. Chitopa chinali chitalowa kale m'mudzi woyandikana nawo. Iye anatumiza uthenga: Lachitatu musatsegulire nkhuku, ndikubwera.

Lachitatu analawira. Kachipangizo kanamutsogolera bwino zedi, sikanaphonye mphambano ngakhale imodzi. Bamboyo anasangalala mpaka kumakayankha, "Zikomo mayi." Anakwera, anatsika, anakhota. Kenako msewu unathera pamtsinje, ndipo mawu ofatsa aja anati: mwafika.

Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe nyumba. Panalibe khola. Panali madzi, miyala yopondapo, ndi tinjira titatu kutsidya.

Anakachotsa pagalasi, nakatenga m'manja, nawoloka. Atangoyenda pang'ono kanayamba kudandaula: bwererani kumsewu, bwererani kumsewu. Posakhalitsa kanazima, pakuti mphamvu yake inkachokera ku galimoto.

Anatenga kanjira kapakati, kanamufikitsa padimba la kabichi. Anabwerera, natenga kakumanja, kanamufikitsa kumanda. Pamene ankalowa m'mudzi muja, atazungulira njira yaitali yodzera kumandako, dzuwa linali pamutu, ndipo nkhuku zinali ponseponse, zina pansi pa nkhokwe, zina zikupalasa kudzala.

A Nangondo, mayi amene ankasonkhanitsa anzawo pa nkhani za ziweto, anali pakhonde akusenda chinangwa.

"Takulandirani, alangizi. Nkhuku zanu ndi izo, zithamangitseni."

"Pepani mayi, ndinasochera."

"Nkhuku sizimva pepani. Kutsidyaku afotsera kale zambirimbiri. Mawa titsekeranso, koma likhale lomaliza, chifukwa anthu ayamba kunena kuti mumangotinamiza."

Masana omwewo bamboyo anabwerera m'tauni, nakaika kachipangizo kaja patebulo la m'sitolo.

"Sikanakufikitseni?" anafunsa mayi uja.

"Kanandiuza kuti ndafika."

Mayiyo sanaseke. Anatenga kachikasu kaja, nakaika m'dzanja lake. "Aka m'galimoto kamagwiranso ntchito, koma sikakusangalatsani ndi mawu. Ubwino wake ndi umodzi: mukatsika, kamatsika nanu."

Abale ndi alongo, chimene chimandichititsa chidwi pa nkhaniyi ndi ichi: kachipangizo koyamba kaja sikanali kowonongeka. Kanachita zonse zimene kanapangidwira. Kungoti dziko lake lonse linali misewu. Pamene msewu wathera, kwa iko dziko latheranso pomwepo.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati chikhulupiriro changa sichili chotero. Chilipo chikhulupiriro chimene chimatitsogolera bwino Lamulungu m'mawa, kwaya ikuimba, zovala zili zoyera, m'thupi muli bwino. Chimayankhula mokoma. Koma mphamvu yake imachokera ku galimoto: kwa anzathu okhala nawo pabenchi, ku zinthu zimene zikutiyendera. Tikafika pamene msewu wathera, pakhomo pa wodwala amene tikumuzemba, kapena pa kanjira kopita kwa m'bale amene tinasiya kumupatsa moni, chimatiuza mofatsa kuti tafika. Mwapemphera kale, zakwana, bwererani.

Koma anthu amene Mulungu amatituma kwa iwo kawirikawiri sakhala m'mbali mwa msewu. Amakhala kutsidya la mtsinje, ndipo akudikira makola ali otseka. Sadzadikira mpaka kalekale.

Mulungu satilonjeza kutiuza mphambano iliyonse. Nthawi zambiri amangotipatsa muvi: uko, pitirira, sunafike. Choncho posankha chimene chizikutsogolerani, musayambe n'kumvetsera kukoma kwa mawu ake. Yambani mwayang'ana nsapato zanu, muone kumene mumayendadi, ndipo mufunse kuti: ndikatsika m'galimoto, kodi chimenechi chitsika nane?

M'mawa mwake bamboyo analawiranso. Pa mphambano ziwiri anachita kuimika galimoto kuti aone muvi bwinobwino. Atafika pamtsinje paja anazimitsa injini, ndipo kachipangizo kanaonetsa kuti patsala makilomita atatu. Anakakoleka m'khosi, natenga chikwama cha katemera, nawoloka. Muvi unaloza kanjira kakumanzere, kaja sanakayese dzulo lake chifukwa kanali kowirira udzu.

Analowa m'mudzimo dzuwa likungotuluka. Pabwalo panalibe nkhuku ngakhale imodzi. Zonse zinkalongolola m'makola. A Nangondo anali ataima pakhomo pawo, thadzi lakuda lili m'khwapa.

"Lero ndiye mwabwera, alangizi."

Iwo anagwira mutu wa thadzilo, iye nadontheza dontho limodzi m'diso. Thadzi linaphethira, a Nangondo analiika pansi, ndipo anatulutsa lina.